Tsamba Losowa m'Kabuku ka Amalume Bizeki

1

Dzina langa ndi Laisoni, ndipo ndine wamantha. Ndayambira pomwepo kuti musavutike kundifunira dzina lina mukafika kumapeto kwa nkhaniyi. Njoka sindiiopa, apolisi apamsewu ndimacheza nawo, mano awiri anandizula ndili phee. Chimene ndimaopa pansi pano ndi chimodzi chokha: amayi anga, aMary a ku Mtakataka. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, ana anayi ndi imvi zangazanga, koma amayi akangoti “Laisoni!” ndimayamba kufunafuna pobisala.

Amayiwo anali ndi mlongo wawo mmodzi yekha, amalume Bizeki. Amalume anakwatira ku Golomoti nakhazikika komweko pachikamwini kwa akazi awo, anti Fagness, zaka makumi anayi ndi chimodzi. Ntchito yawo inali yokonza njinga pamsika. Mabuleki a anthu ankawakonza bwino kwambiri, koma pakamwa pawo panalibe mabuleki. Munthu ukawabweretsera njinga ankayamba akutukwana, kenako n'kukufunsa za kunyumba.

Amayi ndi anti ankapatsana moni ngati akumwa mankhwala owawa. Amayi ankati mwamuna wamoyo sangakhale kwa mkazi zaka zonsezo osasowa kwawo pokhapokha atadyetsedwa khuzumule. Anti sankayankha. Anali munthu wofatsa, wa mtundu umene ukaupondera chala umapepesa ndi iwo.

2

Chaka chatha amalume anagwa pamsika ali ndi sipanala m'manja. Kuchipatala anati ndi sitiroko yaing'ono, yobwera ndi BP. Anachira, koma namwino wina anawauza mosabisa kuti matendawa amabwereranso, ndipo akabwerera nthawi zina amatseka pakamwa. Anawalangiza kuti auziretu abale awo mmene akufuna kudzasamalidwira, mpata ukadalipo.

Lachinayi lina anandiitanitsa. Ndinawapeza akumata chubu.

“Khala apo, iwe. Cholembera uli nacho?”

“Ndili nacho, amalume.”

Anatulutsa kabuku kawo ka kuchipatala m'pepala la shuga, natsegula tsamba lomaliza.

“Lemba zimene ndinene. Usakonze Chichewa changa.”

Ndinalemba. Zimene ndinalembazo ndikuuzani kutsogoloku, pakuti nanenso zinanditengera nthawi kuti ndizitulutse pakamwa. Apa mungodziwa kuti pofika mzere wachitatu cholembera chinayamba kuterera ndi thukuta. Atamaliza anapaka chala chachikulu girisi wa njinga, nadinda pansi pa mawuwo.

“Tsiku limene pakamwa panga padzatsekeke, pakamwa panga ndiwe. Ndiwe mwana wa mlongo wanga, mbumba yonse idzatsala m'manja mwako. Udzawerenge pagulu, amayi ako ali pomwepo.”

“Bwanji osangowauza nokha, amalume?”

“Ukufuna Mary andiphe BP isanandiphe?”

“Nanga anti mwawauza?”

“Fagness ukangotchula imfa amati ukuiitana. Alira sabata yathunthu, ndiwo n'kumapserera. Iwe ndiwe mwamuna, udzanena.”

Ndinavomera ndi mutu, chifuwa chili patsogolo. Kulonjeza ndimatha kwambiri.

3

Patapita miyezi isanu ndi iwiri sitiroko inabwereradi, ndipo ulendo uno sinabwere kudzacheza. Mbali yonse yakumanja inafa. Mawu onse a m'Chichewa anawathawa amalume, kungotsala limodzi lokha, limene ankaligwiritsa ntchito kwambiri ali bwino: “Galu.” Akafuna madzi, galu. Akamva kuwawa, galu. Abambo mfumu atabwera kudzawadzoza mafuta a odwala anawerama mwaulemu n'kufunsa kuti, “Muli bwanji, aBizeki?” Yankho mukulidziwa kale. Ansembewo anangoti, “Tithokoze Mulungu, akulankhula.”

Patatha sabata adokotala anatiuza kuti mtima nawonso watopa, palibenso china choti achite koposa kuchepetsa ululu. Anati tiwatengere kunyumba, tikawasamale bwino masiku amene atsala.

Kunyumba kuti? Pamenepo ndiye panagona nkhani.

Tinakhala pansi pa mtengo kuseri kwa wodi: amayi, anti Fagness, mlongo wa anti dzina lawo aHenry amene anali nkhoswe ya ukwatiwo, ndi ine. Kabuku kanali m'thumba langa, popeza ndine ndinkayenda nako kokatenga mankhwala.

“Apa palibe zokambirana,” anayamba amayi. “Mkamwini akadwala mwakayakaya amabwerera kwawo. Achimwene akatsirizikire m'manja mwa abale awo. Mwawagwiritsa ntchito zaka zonsezi, tsopano tibwezereni.”

“Alamu,” anatero anti motsitsa mawu, “ine ndimadziwa mbali imene amagonera. Ndimadziwa akamva kuzizira asananene. Mundilole ndiwasamale.”

“Kusamala kwanuko ndi kumene kwawafikitsa apa.”

AHenry anatsokomola. “Tisakangane, eni ake ali moyo. Kodi sanasiye mawu kwa wina aliyense? Paja ankagwirizana ndi aLaisoni awa.”

Maso onse anagwera pa ine. A amayi ndiwo anafika poyamba.

“Ndikataye madzi kaye,” ndinatero.

Ndinapita kuseri kwa mpanda, ndinapichira fodya wanga wa chingambwe, ndinasuta mpaka kutentha zala. Nditabwerako ndinakhala pansi n'kuyang'ana nsapato zanga.

“Mawu anasiyadi,” ndinatero. “Anati akadzadwala tidzawatengere kwawo ku Mtakataka.”

Amayi anawomba m'manja kamodzi. “Mwamva? Magazi ndi magazi.”

Anti anandiyang'ana nthawi yaitali, osati mokwiya, koma ngati munthu amene wauzidwa kuti basi yomaliza yapita.

“Ngati ananena okha, ine ndine ndani?” Ananyamuka kukapinda bulangete la amuna awo.

4

Ku Mtakataka amayi anayamba ntchito ndi mphamvu zonse. Ndisawanamizire, mlongo wawo ankamukonda, kungoti chikondi cha amayi chimabwera ngati mvula yamatalala. M'mawa mapiritsi a kuchipatala. Masana mizu yowawa yochokera kwa sing'anga wa kuphiri. Lachitatu ndi Loweruka kunkabwera mneneri wina wa suti yonyezimira, amene ankawagwira amalume mutu n'kumakuwira m'khutu kuti chiwanda cha sitiroko chituluke. Amalume ankamuyankha ndi liwu lawo lija, mneneri n'kunena kuti chiwandacho chayamba kudzitchula dzina.

Phala ankadyetsa amayi eni. Ankawatsamiritsa amalume pabondo, dzanja lina kuchibwano, supuni n'kumalowa isanatuluke inzake.

“Mezani, achimwene! Musandichititse manyazi, anthu angati ndikukumanani chakudya.”

Anti Fagness ankabwera pa minibasi tsiku lililonse lachiwiri. Ankawayalira mphasa pakhonde ngati mlendo wodzazonda matenda. Kuchipinda ankaloledwa kulowa kanthawi kochepa, amayi ataima pakhomo. Chakudya chimene ankabweretsa chinkathera kwa nkhuku.

“Za ku Golomoti anadya zokwanira,” ankatero amayi.

Ine ndinali ndi ntchito yowasambitsa ndi kuwatembenuza amalume, ndipo nthawi imeneyo ndiyo ndinkaiopa. Ndikangolowa ankatambasula dzanja lamanzere n'kuloza kabuku kaja pawindo. Ndikawapatsa ankakatsegula movutikira, ndi chala chimodzi ndi chibwano, mpaka kumapeto. Kenako ankandiyang'ana. Kwa anthu ena liwu lija linkatanthauza madzi, kapena moni, kapena zikomo. Kwa ine ankalitchula pang'onopang'ono, momveka bwino, ndipo linkatanthauza chimene limatanthauza.

Tsiku lina amayi anatipeza tili choncho.

“Akuti chiyani ndi kabukuko?”

“Kaya, mwina akufuna kudziwa tsiku lobwerera kuchipatala.”

“Ayi, akukuthokoza. Taona mmene akukuyang'anira.”

Ndinatuluka msangamsanga.

5

Sabata yachisanu amalume anatseka pakamwa. Supuni ikafika ankalumanitsa mano n'kutembenukira kukhoma. Masiku atatu anangolandira timadzi. Masaya analowa, maso anakula. Namwino woyendera odwala m'midzi atabwera pa njinga yamoto anawayeza kukhosi n'kuwamwetsa madzi pang'ono.

“Awa kumeza akumeza bwinobwino,” anatiuza panja. “Sakulephera kudya, akukana. Munthu wopanda mawu amalankhula ndi chimene watsala nacho. Fufuzani chimene akufuna.”

Amayi anati namwinoyo ndi mwana, sadziwa ziwanda.

Mawa lake masana amayi anapita kuchigayo, n'kundisiya kuti ndilondere pakhomo. Anti anafika dzuwa lili paliwombo. Sanapemphe kulowa. Anazungulira kuseri kwa nyumba, kumene kunali windo la chipinda cha amalume, bedi lili m'munsi mwake. Ine ndinali m'khitchini, khoma lokha kutilekanitsa.

Ndinasuzumira. Anti anali atasenda mango akupsa bwino, akudula tizidutswa ndi kampeni n'kumalowetsa dzanja pawindo. Amalume ankadya. Munthu amene anakana chakudya masiku atatu ankanyambita ndi zala za akazi awo zomwe.

“Pang'onopang'ono, bambo, mungatsamwe,” ankatero anti. Kenako mawu awo anasintha. “Koma ndikufunseni chinthu chimodzi, ngakhale simungandiyankhe. Ndinakulakwirani chiyani? Zaka zonsezi ine ndimayesa tili bwino. Ngati ndinkakusungani moipa mukanandiuza, ndikanasintha. Kuchita kukasiya mawu kwa mwana kuti pomaliza musadzakhale ndi ine?”

M'chipindamo munamveka phokoso limene sindinalimvepo kwa munthu wamkulu. Amalume ankayesetsa kutulutsa liwu lina lililonse, koma palibe chinkatuluka. Ngakhale lawo lija sanalitchule. Ankangolira.

Ndinakhala pansi paphulusa. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Mpaka tsiku limenelo ndinkadziuza kuti bodza langa langosuntha bedi kuchoka mudzi wina kupita mudzi wina. Sindinaganizepo kuti mayi uja amakwera minibasi akukhulupirira kuti mwamuna wake anamukana.

6

Amayi atabwera kuchigayo anatipeza tonse m'chipinda, anti atakhala pabedi penipeni.

“Ndani wawalowetsa?”

“Ndine.” Mawu anga anatuluka opyapyala ngati a mwana wa kwaya. “Amayi, khalani pansi. Ndili ndi mlandu.”

Ndinatsegula kabuku kumapeto, n'kuwaonetsa tizidutswa ta pepala totsalira mumsoko.

“Apa panali tsamba. Amalume ananena mawu, ine ndinalemba, iwo anadinda chala. Zimene ndinanena kuchipatala zija sizimene zinalembedwa.”

“Tsambalo lili kuti?”

“Ndinang'amba.”

“Bweretsa.”

“Ndinasuta.”

“Wati chiyani?”

“Tsiku lija ndinati ndikukataya madzi. Ndinafuna kulitaya m'chimbudzi, koma ndinaona kuti ndi pepala labwino. Ndinapichiramo fodya.”

Inde, owerenga. Mawu otsiriza a amalume anga, ndi chidindo cha girisi chomwe, ndinawakokera m'mapapo n'kuwatulutsira m'mphuno kuseri kwa mpanda wa chipatala. Chifukwa chake chinali mzere umodzi wokha, wachitatu, umene sindikanatha kuuwerenga amayi akundiyang'ana.

“Poti unasuta, ali m'mutu mwako,” anatero amayi. “Lankhula. Ukadumpha liwu ndidziwa.”

Ndinaimirira ngati mwana wa sukulu. Sindinaiwale kanthu, mawuwo anali atandiyenda m'mutu masabata asanu.

“Ine Bizeki, mutu wanga uli bwinobwino. Choyamba, madokotala akadzati basi, musadzandizungulitse uku ndi uku ngati njinga yobwereka. Chachiwiri, ndidzadwalire ku Golomoti m'nyumba imene ndinamanga ndekha, andisamale Fagness. Chachitatu...”

Ndinaima pamenepo.

“Chachitatu chiyani?” anafunsa amayi.

“Chachitatu, mlongo wanga Mary asadzandidyetse phala. Amadyetsa munthu ngati akumwetsa mbuzi mankhwala. Aneneri akenso asadzandikuwire m'khutu, Mulungu si wogontha ndipo inenso sindine. Chomaliza, ndikadzatsirizika mudzanditengere kwathu ku Mtakataka, ndikagone pafupi ndi amayi. Mtembo ndi wa Mary, koma ndikadali kupuma ndine wa Fagness.”

Anti anali ataphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Amayi anasendera kubedi.

“Ngati mbuzi, achimwene?”

Anaika dzanja lawo m'dzanja lamanzere la amalume.

“Ngati chitsiru ichi chikunena zoona, finyani.”

Amalume anamanga mabawuti zaka makumi anayi. Anafinya mpaka amayi anakuwa kuti, “Mayo! Basi, ndamva!”

Ndinayembekezera chivomerezi. Koma amayi anangokhala pamphepete pa bedi, akusisita zala zawo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti ndi nkhalamba.

“Iwe Laisoni, umandiyesa chilombo eti? Ukanawerenga tsiku lomwe lija ndikanawatukwana achimwene mpaka dzuwa kulowa, koma ndikanawasiya apite. Ine ndimaopa kuti anthu adzati Mary anataya mlongo wake kwa eni ake a mudzi. Ndimayesa ndikuchita zimene iwo anapempha. Masabata asanu ndakhala ndikuzunza munthu, iwe uli pompo ukuonerera?”

Anavula patapata n'kundimenya nayo kawiri m'khosi, ndipo ndinaona kuti andichitira chifundo. Kenako anatembenukira kwa anti.

“Alamu, tengani amuna anu. Koma mundiyalire mphasa kwanuko, ndikubwera nawo. Phala muzidyetsa ndinu, ine ndizingochapa.”

7

Tinawanyamula m'mawa mwake pa galimoto ya aRodrick, oyandikana nafe nyumba, matiresi titayala kumbuyo. Titadutsa Mua amalume anayamba kusuzumira m'mbali, akuzindikira mitengo. Pofika pamsika wa Golomoti anzawo a kabaza anaimba mabelu, iwo n'kuwapatsa moni wawo wa masiku onse. Sindinaonepo anthu akusangalala chotero potukwanidwa.

Anti anawameta ndevu, anawaveka malaya awo a buluu, anawagoneka pakhonde pamene ankatha kuona njinga zikudutsa. Ankawatembenuzira mbali imene ankaikonda asanadandaule. Anadya phala, anadya mango, tsiku lina anadya ndi kachambo komwe. Mneneri uja atamva kumene tasamukira anabwera ndi suti yake, ndipo amayi eni ndiwo anamubweza pamsewu.

Amalume anakhala masiku anayi. Lamulungu masana, anthu akuchokera ku tchalitchi, anti anawapukuta kumaso, nawafunsa ngati akufuna madzi. Amalume anawagwira dzanja, natseka maso, osatsegulanso. Amayi anali mbali inayo ya bedi.

Maliro tinakaika ku Mtakataka, pafupi ndi agogo, monga mwa mawu awo. Panalibe kukangana. Mwambo wonse utatha, anthu akubalalika, ndinapita kukagwada pamene anakhala anti. Ndinali nditakonza mawu ambiri opepesa, koma anandidula ndisanafike patali.

“Dzuka, Laisoni, udetsa buluku. Masiku anayi aja zikomo, unalimba mtima. Ndinamva zimene bambo ankandiganizira iwo akadali moyo, ndipo zimenezo zindisunga.” Anakonza mpango wawo wakuda. “Koma masabata asanu aja anali anga. Sindikudziwa kuti ndikawafunse kwa ndani.”

Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanandimenya.

8

Tsono inu owerenga, musathamangire kundiponya miyala nonse nthawi imodzi, imani pamzere. Mlandu wanga ndauvomera. Koma amalume nawonso, Mulungu awalandire, anali ndi kachigawo kawo. Anali ndi pakamwa potha kutukwana msika wonse, koma anaopa kukhazika pansi akazi awiri amene ankawakonda n'kuwauza zinthu zinayi. Anasankha kutuma munthu, ndipo paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Kwathu kuno timati ukatchula imfa waiitana. Amalume anaitchula kwa ine ndekha, monong'ona, ndipo inabwerabe. Kumanda sikunavute, vuto linali masiku a pakati aja, pamene munthu uli moyo koma ena ndiwo akukulankhulira. Ndani adzakusambitse, udzagone nyumba iti, akuchipatala akadzati basi anthu adzakusiye kapena adzakuzungulitse. Zimenezi nenani nokha, masana, onse okhudzidwa ali pamphasa imodzi, pakamwa pakadali panu. Akalira alire, akatukwana atukwane, mudzapepesana muli moyo.

Ine zanga ndinanena mwezi watha. Ndinaitana akazi anga, alongo anga awiri ndi amayi, ndinaima pakati pa bwalo, n'kutchula zonse chimodzichimodzi. Akazi anga analira, mlongo wanga wamkulu sakundilankhula mpaka lero. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, “Wamaliza? Khala pansi. Tsopano mumve zanga.”

Analankhula maola awiri, ndipo palibe amene anapita kukataya madzi.